LAMYA YA M'MANJA INGATHANDIZE OKALAMBA OIWALA-IWALA

Matenda oiwala-iwala, amene madokotala amati dementia, ndi matenda a bongo. Si ufiti ai, ndiponso si ukalamba cabe. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906. Bungwe la WHO linati mu 2021 anthu 57 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matendawa.

ZIZINDIKIRO

Wodwala afunsa funso limodzi kawiri-kawiri, aiwala poto pa mbaula, asokoneza maina a adzukulu, ndipo nthawi zina acoka pa nyumba n'kusocera. Mu tauni ya Kafue ngozi ndi yaikulu cifukwa muli mtsinje, njanji ndi mseu wa Lusaka wodzala malole. Ambuya opezeka m'bandakuca pakhomo la eni ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound angamenyedwe kuti ndi mfiti. Anthu adziwe kuti lamulo la Witchcraft Act likaniza kuchula munthu mfiti.

MMENE LAMYA ITHANDIZIRA

1. Mankhwala. Alamu ya lamya iri yonse, ngakhale yaing'ono ya mabatani, ikumbutsa nthawi yomwera mankhwala a BP kapena shuga. Pulogilamu ya Medisafe ingadziwitsenso wacibale ngati mankhwala sanamwedwe. Komabe wosamalira aone ndi maso ake, pakuti wodwala angamwe kawiri.

2. Kusocera. Google Maps ionetsa kumene kuli lamya ya wodwala ngati inalumikizidwa ndi ya mwana wao. WhatsApp icitanso zimenezi mpaka maola 8. Zonsezi zifuna bando ndi batire yodzala, motero lamya ichajidwe malaiti akalipo. Kapepala ka dzina ndi nambala ya wacibale kasokedwe m'thumba la malaya, cifukwa lamya ingatsale pa mpando.

3. Kukumbuka. Zithunzi za pabanja zolembedwa maina ndi nyimbo zakale za kuchalichi zimakhazika mtima wa wodwala pansi, maka-maka madzulo pamene ambiri amabvutika.

4. Wosamalira. Kawiri-kawiri nchito yonse igwera mwana wamkazi mmodzi, ndipo amatopa. Gulu la banja pa WhatsApp lithandiza kugawana masiku ndi ndalama za ulendo wa kucipatala. Mu 2019 WHO inatulutsa maphunziro a iSupport, opezeka pa intaneti, ophunzitsa kusambitsa, kudyetsa ndi kutonthoza wodwala, ndiponso kupumula kwa wosamalira mwini.

CENJEZO

Akuba amatumira lamya okalamba kuwafunsa PIN ya mobile money. Penshoni isungidwe mothandizana ndi wacibale wokhulupirika. Koma wodwala ndi kholo ndithu: banja liwapemphe mwaulemu lisanayambe kulondola mayendedwe ao.

CIPATALA COYAMBA

Lamya sipima ndipo sicilitsa. Kuiwala kwina kumabwera ndi mowa, cindoko, HIV, kukhumudwa kapena kucepa kwa vitamini B12, ndipo zimenezi ziri ndi cithandizo. Wokalamba akasokonezeka mwadzidzidzi, tsiku limodzi kapena awiri, angakhale ndi malungo, shuga kapena sitoloko. Apelekedwe ku Kafue General Hospital tsiku lomwelo. Amene wayamba kuiwala pang'ono-pang'ono ayambire pa kiliniki yapafupi, ndipo ngati kufunika adzatumizidwa ku Chainama mu Lusaka. Matenda a Alzheimer alibe mankhwala ocilitsa, koma banja lodziwa msanga liteteza kholo lao ku ngozi ndi ku manyazi.