Tingamuyeze Bwanji Khansala Wofuna Kukhala Mfumu ya Mzinda?

WOULUTSA: Mlendo wathu lero ndi katswiri pa ntchito za makhonsolo. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wogulitsa tomato mu msika wa Limbe. Akuti: "Khansala wathu akufuna umeya. Akuti iye ndi wa anthu osauka, akufuna kusintha mzinda. Tidzamuvotera liti, nanga tidziwa bwanji kuti akunena zoona?"

KATSWIRI: Zikomo mayi. Choyamba, pa mpando umenewo inu simudzaponya voti. Kuno kwathu mfumu ya mzinda, kapena kuti meya, imasankhidwa m'khonsolo momwemo. Amavota ndi makhansala pamodzi ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo a mumzindawu, ndipo wosankhidwayo amakhala zaka ziwiri ndi theka. Kuno ku Blantyre ndimo anasankhidwira a Noel Chalamanda mu 2014 ndi a Wild Ndipo mu 2017. Mphamvu yanu ili pa khansala wa wodi yanu, chifukwa ndiye akakuvotereni.

Tsono za kuyeza. Ambiri timayamikira khansala chifukwa anagula bokosi pamaliro kapena anapereka galimoto yonyamula wodwala. Ndi umunthu, sindikunyoza. Koma zimenezo amachita ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo aliyense amene ali nazo angachite. Umeya ndi kuyang'anira ndalama za mzinda wonse ndi malamulo ake. Inu mayi mumalipira chiphaso tsiku ndi tsiku. Funsani kuti pamene khonsolo inkakambirana zokweza chiphasocho, khansalayu ananenapo chiyani. Anafunsapo kuti ndalamazo zibwerere ku msika, zikonze zimbudzi, madenga ndi ngalande? Kapena anangokhala chete? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Chilobwe. Akuti anataya abale pa namondwe wa Freddy, ndipo aliyense wofuna mpando amabwera kudzawalonjeza malo atsopano.

KATSWIRI: Bambo, pepani kwambiri. Zimene zinachitika mu Marichi 2023, matope ndi miyala zitatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, palibe wa ku Blantyre angaiwale. Ine ndimati pamenepa ndi pamene khansala aliyense wa mumzinda uno ayenera kuyezedwerapo.

Funsani zimene anachita tsoka lisanagwe. Nyumba zija sizinamere usiku umodzi. Anthu anakwera phiri pang'onopang'ono chifukwa kumunsi malo anadula ndipo lendi inawakanika. Khonsolo ndiyo imavomereza mapulani a zomanga mumzinda. Kodi khansalayu anabweretsapo nkhani ya nyumba za m'mapiri a Soche, Ndirande ndi Bangwe, kapena za m'mbali mwa mitsinje ngati Mudi? Ena amaopa kuikamba poopa kutaya mavoti. Ena amaikamba, koma yankho lawo n'kugumula basi, osanena kuti mayi wa ana asanu akagona kuti. Onse awiriwa sindingawatche oganizira osauka. Amene ndingamutche choncho ndi amene anati anthu achoke pangozi, nalimbikira kuti malo opitako apezeke kaye, okhala ndi madzi, sukulu ndi msewu wofika kuntchito.

Kenako funsani za pambuyo pake. Kugawa ufa m'misasa anagawa ambiri, ndipo zithunzi zinadzaza pa Facebook. Koma bajeti ya chaka chotsatira itafika m'khonsolo, ndani anamenyera ndalama za ngalande ndi milatho ya m'makwalala? Akamabwera kudzalonjeza malo, mufunseni tsiku limene anaikamba nkhaniyi pamsonkhano wa khonsolo. Ngati anaikambadi, sadzavutika kukuuzani.

WOULUTSA: Mtsikana wina wa ku Chirimba akufunsa kuti munthu wamba zimenezi angaziwone kuti, poti m'khonsolomo salowa.

KATSWIRI: Funso labwino, mwanawe. Msonkhano uliwonse wa khonsolo ndi wa makomiti ake umalembedwa. M'maminitsimo mumaoneka amene anabwera, amene anajomba, ndi zimene anagwirizana. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linakhazikitsidwa mu 2017 ndipo linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Lemba kalata yopita kwa mkulu wa khonsolo ku Civic Centre ku Chichiri, upemphe maminitsi a misonkhano ndi bajeti ya zaka zimene khansalayo wakhalapo. Usunge kope. Ukapanda kuyankhidwa, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira lamuloli. Mukapita angapo, a komiti ya chitukuko ya m'wodi kapena a mpingo, zimayenda bwino kusiyana ndi kupita wekha.

Ukazipeza, yamba ndi kujomba. Munthu amene misonkhano ya komiti yake imamudutsa sangatsogolere khonsolo yonse. Ukatero uone komiti imene anakhalamo, kaya ya zachuma, ya zaumoyo kapena ya zomangamanga, ndi zimene zinatuluka m'menemo. Nthawi ya kolera, sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zitachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, amene anali mu komiti ya zaumoyo ali ndi zoti atiyankhe pa zinyalala ndi zimbudzi za m'misika.

Ndiwonjezere kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala. Zaka zonsezo tinalibe womufunsa m'madera mwathu. Tsopano alipo, ndiye tisamangowaombera m'manja.

WOULUTSA: Bambo wa ku Machinjiri akuti kwawo madzi amasowa masiku angapo, choncho khansala wawo sayenera umeya.

KATSWIRI: Madzi a m'mipopi ndi a Blantyre Water Board, magetsi a m'nyumba ndi a ESCOM. Khansala angathe kukudandaulirani kumeneko, koma si iye amatsegula mpopi. Mumuimbe mlandu pa zake: zinyalala zimene sizifika kotayira ku Mzedi, misika, misewu ya m'makwalala, magetsi a mumsewu, ndi malamulo a mzinda.

WOULUTSA: Yomaliza yachokera kwa mnyamata wogulitsa kaunjika m'tauni. Akuti wofuna umeya wina ndi wa chipani chawo, kodi si zokwanira?

KATSWIRI: Ayi achimwene, si zokwanira. Mavenda akhala akuthamangitsidwa m'misewu ya Blantyre ndi Limbe pansi pa maboma osiyanasiyana, kuchokera pa Operation Dongosolo ya 2006. Chipani sichinatchinjirize katundu wa munthu. Funsani ngati iyeyo anakhalapo pansi ndi atsogoleri a mavenda asanatumize galimoto yolanda katundu, ndiponso ngati anamenyerapo malo ogulitsira pamene pamadutsa anthu. Msewu uyenera kuyendeka, inde, koma inunso muyenera kudya.

Omvera nonse, tsiku losankha mfumu ya mzinda likamayandikira, pitani kwa khansala wanu ndi kwa phungu wanu. Muwafunse amene akufuna kumuvotera ndi chifukwa chake, ndipo akuyankheni ndi zimene munthuyo anachita m'khonsolo.