Mbaula ya Gasi Ikakana Kuyaka

Mwezi wa June ukafika m'dera lino la Ekurhuleni, pamene chisanu chimagona pa udzu kuyambira ku Kempton Park kufikira ku Springs, ambiri a ife amene tinasiya kwathu kudzafuna ntchito kuno ku Joni, kaya tikusamala nyumba za mabwana ku Benoni kaya tikuchita lendi kachipinda ku Tembisa, timaika chikhulupiriro chathu pa mbaula ya gasi. Koma taonani, tsiku limene mphepo yalusa ndi lomwenso mbaulayo imakana kuyaka. Pamenepo munthu asapse mtima n'kumangodinadina batani, pakuti vuto limapezeka msanga mukalilondola mwadongosolo, kuyambira pa botolo kufikira pa lawi.

Musanagwire kanthu, nunkhizani. Mukamva fungo la gasi, tsekani botolo, tsegulani zitseko ndi mazenera, ndipo musakhwatche machesi kapena kukhudza switchi ya magetsi; pakuti gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, ndipo m'malo mouluka amatsikira pansi n'kudikira moto. Amene anali ku Boksburg pa 24 December 2022, tsiku limene thanki ya gasi inaphulika pansi pa mlatho pafupi ndi chipatala cha Tambo Memorial n'kupha anthu oposa 40, sasowa wowauza ukali wake.

Ngati fungo palibe, nyamulani botolo mulimve kulemera. Botolo lodzaza la mbaula zoyenda pa matayala limasunga gasi wa makilogalamu 9, ndipo kulemera kwa chitsulo chake chopanda kanthu kunadindidwa pa botolo lomwelo, kotero kuti sikelo imathetsa mkangano. Mukapeza kuti gasi alimo, onani pamene regulator yalumikizana ndi botolo: kamphira ka pamphuno pake kakhale kosang'ambika, ndipo pomanga muzitembenuzira kumanzere, chifukwa apa pokha chitsulo chimamangika mosiyana ndi chizolowezi cha dzanja. Pakani thovu la sopo polumikizira ponse ndi pa paipi. Pamene thovu likufufuma ndi pomwe gasi akuthawira, ndipo mbaula yotero siyatsidwa kufikira itakonzedwa. Botolo limene lagona panja usiku wa chisanu limatulutsa gasi mwaulesi. Lilowetseni m'nyumba lifunde lokha, koma kulitenthetsa pa moto ayi. M'nyumba za mabwana, momwe mbaula inamangidwira kukhoma ndipo botolo lili kunja, fufuzaninso chotsekera cha pa paipi, chimene chimakhala chotseguka chigwiriro chake chikagona motsata paipiyo.

Tsono tafika pa kuyatsa kwenikweni, pamene anthu ambiri amalakwira chifukwa cha phuma. Kanikizani chotembenuzira mkati, nimudine batani lothetheka. Ngati simumva kuti "tha" kapena simuona kuthetheka kwa buluu, onani ngati kawaya kake sikanazuke, pukutani nsonga yake, ndipo pa mbaula zoyendera batire, sinthani batirelo. Botolo likakhala kuti langosinthidwa, paipi imakhala itadzaza mpweya wamba, ndipo muyenera kukanikiza kanthawi kuti gasi afike. Kalawi kakang'ono kakayaka, musachotse chala. Pitirizani kukanikiza masekondi 20 kapena 30, chifukwa pambali pa kalawiko pali kachitsulo kotchedwa thermocouple, kamene kakapanda kutentha mokwanira kamatseka njira ya gasi, monga mlonda wokhulupirika amene satsegulira mlendo asanamudziwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukalephera kawiri kapena katatu, tsekani zonse, mupume mphindi 5 kuti gasi wotayika abalalike, kenaka muyesenso.

Kalawi kakamatuluka kofooka, kachikasu, kosafika pa kachitsulo kaja, kawirikawiri mlandu ndi wa fumbi. Mbaula imene yakhala pakona chilimwe chonse imadzaza fumbi ndi ulusi wa kangaude, ndipo fumbi la kuno, lochokera ku milu ya mchenga wa migodi, ndi losalala kwambiri lolowa paliponse. Tsekani botolo, dikirani mbaula izizire, nimusese ndi kaburashi kofewa kapena kuuzira ndi pampu. Singano kapena waya musalowetse pa kabowo ka gasi, ngakhale mnzanu atalumbira kuti iye amatero chaka ndi chaka. Kabowoko kanapimidwa mosamala, ndipo mukakakulitsa mwaononga chitetezo chanu chomwe.

Ilipo mbaula ina imene imayaka bwino, koma pakapita kanthawi n'kuzima yokha. Imeneyi musaitukwane, pakuti nthawi zambiri ikunena zoona: mpweya wabwino watha m'chipindamo, ndipo kachipangizo kake koteteza kazindikira inu musanazindikire. Dera lino ndi lokwera mamita oposa 1,500, mpweya wake ndi wopepuka kale, ndipo ife pothawa kuzizira timatseka ndi nsanza mpata uliwonse. Tsegulani zenera pang'ono. Mutu ukayamba kuwawa kapena mukamva chizungulire, zimitsani mutuluke panja. Ndipo kugona mbaula ikuyaka, ngakhale usiku utazizira chotani, musayese konse.

Zonsezi zikakanika, ntchito yanu yathera pomwepo. Kumasula mapaipi a mbaula yomangidwa kukhoma, kusintha thermocouple, kapena kumanga chotembenuzira ndi waya kuti chisabwerere, si zanu. Lamulo la South Africa limafuna kuti gasi wolumikizidwa m'nyumba aikidwe ndi mmisiri wolembetsedwa ku SAQCC Gas, amene amapereka chikalata chotsimikiza kuti ntchito yachitika bwino. Safunsa anadya phula. Inu amene mukugwira ntchito m'nyumba za eni, auzeni abwana kapena adona zimene mwaona ndi zimene mwayesa, aitane mmisiriyo okha, ndipo akafika mupempheni akuonetseni khadi lake. Fungo la gasi likapitirira botolo lili chitsekere, tulutsani ana ndi onse a m'nyumba, muimbe 112 pa foni yam'manja muli panja.