Khobwe wa nyama yowamba: kodi bambo a BP angadye?

FUNSO

Ndine mayi wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu. Mwana wanga wamkazi ali pasukulu ku Atlanta, ku America. Mwezi watha anandiimbira foni, akuti anzake a kumeneko anamuphikira chakudya chomwe amachinyadira kwambiri. Poyang'ana m'mbale anapeza kuti ndi khobwe wathu yemweyu, amene agogo ake ku Ekwendeni amati nkhunde, wophikira pamodzi ndi nyama ya nkhumba yowamba. Wandiumiriza kuti nanenso ndiyese.

Vuto langa nali. Bambo akunyumba ali ndi BP, amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi, ndipo kuchipatala anawaletsa mchere wambiri. Komanso akadya khobwe amagona akudandaula mpweya m'mimba. Ine pophika ndimathira soda kuti apse msanga, poti makala akwera mtengo. Kodi ndiphike, kapena ndingozisiya?

Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

YANKHO

Mayi, phikani. Mwana wanu sananame: chimene Amereka amachitcha black-eyed peas ndi mtundu wa khobwe. Mbewuyi kwawo ndi ku Africa kuno, ndipo inawoloka nyanja pa nthawi ya malonda a akapolo. Kummwera kwa America, makamaka ku South Carolina ndi Georgia, amaphika khobweyu ndi fupa la mwendo wa nkhumba yowamba, n'kudyera mpunga pa 1 Januwale. Chakudyacho amachitcha Hoppin' John. Pambali amaikapo masamba ofanana ndi chomolia, ndi mkate wa chimanga wokhala ngati chigumu chathu. Mukuona nokha kuti palibe chachilendo pamenepa.

Khobweyo ndilibe naye mlandu. Pa magalamu 100 a khobwe wouma, oposa 20 ndi mapuloteni omanga thupi, ndipo ali ndi potaziyamu amene amathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Ndikanakonda odwala anga onse a BP akanamadya khobwe ndi nyemba kangapo pa sabata. Nkhawa yanga ili pa zinthu ziwiri: nyamayo ndi soda.

Nyama yowamba nthawi zambiri amayamba aithira mchere wochuluka kuti isawole. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zonse zimene wadya kuyambira m'mawa. Nthuli ziwiri zitatu za nyama yamchere zikhoza kudya gawo lalikulu la muyeso umenewu bambo asanagwire n'komwe ndiwo zamadzulo. Chinanso, mu 2015 nthambi ya bungwe lomweli yofufuza za khansa inaika nyama yowamba ndi yosungidwa ndi mchere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Musachite mantha: choopsa n'kudya tsiku ndi tsiku. Kamodzi pa nthawi, pang'ono, palibe vuto. Mumphika umenewu ntchito ya nyama ndi kununkhiritsa basi, chokhutitsa ndi khobwe.

Soda yekha musiyeni, chonde. Amayi ambiri sadziwa kuti soda ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene tikuthawa mumchere. Mumachepetsa mchere ndi dzanja ili, n'kuubweza ndi dzanja linalo. Amaononganso vitamini B1 amene ali mu khobwe.

Tsono phikani motere. Madzulo tengani makapu awiri a khobwe, musankhe palichero, kuchotsa timiyala ndi wofumbwa. Mutsukeni kawiri katatu, chifukwa wapamsika nthawi zina amakhala wothira mankhwala a anankafumbwe. Mumuviike m'madzi ambiri agone momwemo. M'mawa mudzapeza watupa, khungu lake likusendeka mukamufikisa ndi zala. Madzi amenewo tayani, musaphikire. Mu khobwe muli mitundu ina ya shuga imene matumbo athu sagaya. Tizilombo ta m'matumbo aakulu ndi timene timaidya, n'kutulutsa mpweya umene bambo akudandaula. Kuviika kumachotsako ina, ndipo kumafupikitsa nthawi yapamoto. Khobwe woviika amapsa pasanathe ola limodzi, ndiye makala anu apulumuka popanda soda.

Nyama ikhale kachidutswa kosaposa chikhatho chanu, ka banja lonse. Kawiritseni pakokha kwa mphindi 10, mutaye madzi oyambawo. Apita ndi mchere wina komanso mwaye. Thirani madzi atsopano, anyezi, adyo ndi kambuzi mmodzi, nyama iwire mpaka iyambe kufewa, kenako ikanimo khobwe. Moto ukhale wapakatikati, mphika uzingobwata pang'onopang'ono. Matimati adikire kaye, chifukwa kuwawasa kwake kumachedwetsa khobwe kufewa, muwathire kumapeto. Akapsa, phwanyani wina ndi mthiko m'mbali mwa mphika kuti msuzi ugwirane, nyama muinyotsole tizidutswa kuti aliyense apezepo fungo. Lawani musanaganize za mchere. Nthawi zambiri wa m'nyamamo umakwana. Timakyubu tokometsera ndiwo tisalowemo, ndipo mbale ya mchere isafike patebulo.

Dyerani mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, kapena nsima ya mgaiwa, ndi chitambe pambali ngati chikupezeka. M'nyengo yozizira ya ku Mzuzu, mu Juni ndi Julayi, mbale yotereyi imafunditsa thupi. Ngati kwanu simudya nkhumba, ya ng'ombe kapena ya mbuzi imachitanso bwino, ngakhale nsomba yowamba ya ku Nkhata Bay. Koma munthu akakubweretserani nyama yowamba mobisa, n'kumanong'ona kuti ndi yam'tchire, mukane. Kupha nyama ku Vwaza ndi ku Nyika n'kuphwanya lamulo, wogulanso ali pamlandu, ndipo palibe amene anaiyeza ngati ilibe matenda.

Bambo ayambe ndi chipande chimodzi, masana osati usiku. Mimba imazolowera pakapita masabata angapo. Ngati anauzidwapo kuti impso zawo zili ndi vuto, afunse kaye kuchipatala, chifukwa pamenepo potaziyamu amafunika muyeso. Mankhwala a BP asasiye ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lawo la kuchipatala likakwana, apite akayezetse.