ZA NTHAKA YOWAWASA NDI MANKHWALA ACE

Inu eni mabanja, mudziwa kuwawasa kwa ndimu, kwa bwemba ndi kwa mkaka wa cambiko. Cinthu cowawasaco anzeru amati asidi. Nthaka yomwe ikhoza kuwawasa, cinkana lilime silizindikira.

Asidi ali a mitundu iwiri. Wamphamvu, monga uja wa m'batire la galimoto, akalowa m'madzi aturutsa ukali wace wonse pomwepo, natentha khungu ndi nsaru. Wofoka, monga wa ndimu, aturutsa pang'ono pokha, nasunga wotsalawo monga cimanga ca m'nkhokwe. Mukacotsa woturukawo, aturutsanso wina. Koma mphamvu si kucuruka ai. Dontho limodzi la wamphamvu mumtsuko wodzala madzi lilekeratu kutentha, ngakhale mtundu wace uli womwewo.

Muyeso wa kuwawasa ndiwo pH, umene anaukonza Sørensen wa ku Denmark m'caka ca 1909. Madzi oyera ali pa 7, ndimu pafupi ndi 2, ndipo cidulo ca therere cili pamwamba pa 7, pakuti phulusa ndilo mdani wa asidi. Cenjerani powerenga: nthaka ya 5 iposa ya 6 kuwawasa kakhumi, ndi ya 4 iposanso ya 5 kakhumi.

Cimanga cikondwera kuyambira 5.5 kufikira 7. Pansi pa 5 mizu yace ifupika, ndipo mungathire fetereza wotani, cibala pang'ono. Mtedza ubala makoko opanda kanthu. Cinangwa cipirira, ndipo tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo, kumene mvula yambiri itsuka nthaka, acita kukonda kuwawasako.

Mankhwala ace ndiwo mwala wa njereza wopera, umene ambiri amati laimu. Tsono kumbukirani nkhokwe ija, pakuti nthaka icita monga asidi wofoka. Dothi la makande lisunga kuwawasa kwambiri kobisika, la mcenga pang'ono. Cifukwa cace minda iwiri ya pH imodzi siifuna laimu wofanana, wa makande ufuna wocuruka. Amene awaza ndi dzanja louma pa makande angotaya ndalama zace. Yambani mwayesetsa dothi kwa mlangizi wa ulimi. Wazani laimu mvula isanagwe, nimumlimire pansi, pakuti agwira nchito pang'onopang'ono. Phulusa la pamoto musalitaye kudzala, lithandizanso. Koma laimu kapena phulusa musazisanganize ndi sulphate of ammonia, pakuti cakudya ca mbeu cili m'menemo cithawira kumphepo; ndipo feterezayo, pomthira caka ndi caka, aonjeza yekha kuwawasa kwa munda.