Phunziro: Wodwala Amene Panado Wamulephera

Werengani Marko 5:25-34.

Amayi anzanga, pokaona odwala mwawapezapo aja a khansa amene amabuula usiku wonse, Panado atalephera. Ife timangoti, "Pirirani, mayi." Komatu mankhwala ake alipo, dzina lake morphine. Mu 1986 bungwe la WHO linaika masitepe atatu: ululu wochepa paracetamol, wokulirapo codeine, woopsa morphine.

Vuto ndi lakuti lamulo limatsekera morphine m'kabati, chifukwa ena amamusandutsa mankhwala ozunguza bongo. Sagulidwa pa kantemba. Pafunika kalata ya dokotala, ndipo pa makiliniki ambiri a kumudzi dokotalayo palibe. Wodwala akwere basi mpaka kuboma ndi ululu womwewo! Ku Uganda, kuyambira 2004, anamwino ophunzitsidwa ntchitoyi amaloledwa kulembera odwala morphine.

Nafenso timaopa, ati akampatsa morphine ndiye kuti wapita. Si zoona. Womwa pa nthawi imene dokotala wanena amagona, amadya, amacheza ndi adzukulu. Amaumitsa m'mimba, inde, tsono pemphaniko ndi mankhwala ofewetsa.

Sabata ino mukapeza wodwala wotere, mufunseni pamene pakuwawa ndi nthawi imene ululu umakula. Lembani, mumperekeze kuchipatala, mukaonetse pepalalo.