Wina Aona Phiri, Wina Aona Tsamba

Tikapita kokayenda monga gulu la ophunzira, tinene ku phiri la Mulanje, pobwerera mafoni amazungulira m'basi, aliyense akuonetsa zomwe wajambula. Tonse tinayenda njira imodzi ndipo dzuwa linali lomwelo, koma mufoni ya mnzathu wina muli nsonga za phiri, mitambo ndi minda ya tiyi mpaka kumene maso alekezera. Mufoni ya wina mulibe phiri n'komwe. Muli kachilombo pa tsamba, ndere pa mwala, ndi zala za mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Timafulumira kunena kuti, "Iwe foni yako ndi yapamwamba." Mbiri ya ojambula otchuka ikusonyeza kuti kusiyanaku kumayamba munthu asanagwire kamera.

Titenge anthu awiri a ku America, Ansel Adams ndi Edward Weston. Anali mabwenzi, onse ankagwira ntchito ku California, ndipo mu 1932 pamodzi ndi Imogen Cunningham ndi ena anayambitsa gulu lotchedwa Group f/64. Dzinali linachokera pa kachunidwe ka lenzi: pa f/64 kabowo kolowetsa kuwala kamachepa kwambiri, ndipo zinthu zapafupi ndi zakutali zimaoneka bwino pa chithunzi chimodzi. Onse awiri ankagwiritsa ntchito makamera akuluakulu oimika pa miyendo itatu, a filimu ya mainchi 8 ndi 10. Zipangizo zinali zofanana, mfundo zawo zofanana, koma taonani zithunzi zomwe dziko limawakumbukira nazo.

Mu 1930 Weston anatenga tsabola wamkulu wosawawa uja, yemwe kumsika timati girinipepa, n'kumuika mkati mwa fanulo yachitini kuti kuwala kuzimuzungulira mbali zonse. Chithunzicho chimatchedwa Pepper No. 30, ndipo nambalayo ikutiuza kuti sanayese kamodzi kokha. Ambiri akachiona koyamba amayesa ndi msana wa munthu wamphamvu atapinda thupi. Ndi tsabola basi, wonga yemwe timadula kukhitchini osamuyang'ana kawiri.

Adams yekha anali munthu wa mapiri, makamaka a ku Yosemite. Tsiku lina madzulo mu 1941 akuyenda pa galimoto ku New Mexico, anaona mwezi utatuluka pamwamba pa kamudzi ka Hernandez, dzuwa lolowa likuwalitsa mitanda yoyera ya kumanda. Anaima mwachangu, koma kachipangizo koyezera kuwala sikanapezeke. Anawerengera m'mutu potengera kuwala kwa mwezi komwe ankakudziwa kale, n'kujambula kamodzi. Pomwe ankakonzekera kujambula kachiwiri, dzuwa linali litachoka pa mitanda ija. Chithunzi chimodzicho, Moonrise, Hernandez, New Mexico, ndi chimodzi mwa zodziwika kwambiri padziko lonse.

Nkhani ziwirizi zikutiphunzitsa kuti aliyense ali ndi mdani wake. Wojambula malo otambalala sangasunthe phiri kapena kuuza mtambo kuti udikire. Ntchito yake ndi kusankha poima ndi kudziwa nthawi, n'chifukwa chake amadzuka m'mamawa kapena kudikira chakumadzulo, pamene dzuwa lili pansi ndipo mithunzi imaonetsa zigwa ndi zitunda. Masana dzuwa lili paliwombo, phiri lomwelo limaoneka lafulati. Vuto lake linanso ndi kuchuluka kwa zinthu: maso a woonera amasowa poyambira. Pa chithunzi cha Adams, theka lalikulu ndi thambo lakuda, ndipo chomwe chimagwira maso ndi timitanda ting'onoting'ono tija ndi mwezi. Choncho ngakhale wokonda zotambalala amadalira kanthu kakang'ono.

Wojambula zazing'ono ali ndi ufulu wosuntha chinthu chake, kuchitembenuza ndi kuchiyang'anitsa tsiku lonse. Mdani wake ndi lenzi. Kamera ikayandikira kwambiri, gawo looneka bwino limachepa mpaka kufika pa mamilimita ochepa. Mukajambula njuchi, diso lake likhoza kuoneka bwino pamene mapiko ali mbuu. Mukachepetsa kabowo kuti zambiri zioneke, kuwala kumalowa kochepa, kamera imafuna nthawi yaitali, ndipo kanjenjemera ka dzanja kapena kamphepo kamawononga zonse. Amene anayesapo kujambula duwa panja ndi foni akudziwa ukali womwe munthu amakhala nawo pa mphepo.

Ife ophunzira zauphunzitsi tili ndi chifukwa chapadera chokumbukira Karl Blossfeldt wa ku Germany, yemwe anabadwa mu 1865 n'kumwalira mu 1932. Iye anali mphunzitsi wa zosemasema ndi zoumba ku Berlin. Pofuna kuti ophunzira ake aone mmene zomera zinapangidwira, anadzipangira yekha kamera yokulitsa zinthu mpaka maulendo 30, n'kumajambula mphukira, njere ndi timaluwa. Zithunzizo zinali zipangizo zophunzitsira m'kalasi kwa zaka zambiri. Zinatuluka m'buku lotchedwa Urformen der Kunst mu 1928, iye ali ndi zaka zoposa 60, ndipo ndi pamene dziko linamudziwa. Chomwe chimatikhudza n'chakuti ophunzira ake ankaziona zomerazo tsiku ndi tsiku. Chomwe ankasowa ndi munthu wowaimitsa kuti ayang'ane. Maso oona zazing'ono amaphunzitsidwa, sikuti ena anangobadwa nawo.

Koma kuyandikira kuli ndi mtengo wake, ndipo apa nkhani imafika pa anthu. Mu Malichi 1936, nthawi ya umphawi waukulu ku America, Dorothea Lange anafika pa msasa wa anthu othyola nsawawa ku Nipomo, California. Anapeza mayi ndi ana ake pansi pa kachisakasa ka tenti ndipo anajambula zithunzi zingapo, akusendera pafupi pang'onopang'ono. Zakutali zikuonetsa tenti, katundu wawo ndi malo owazungulira. Chapafupi kwambiri chili ndi nkhope ya mayiyo, dzanja lili pachibwano, ana awiri atabisa nkhope pamapewa ake ndi khanda pamiyendo. Ichi ndicho chimatchedwa Migrant Mother. Nyuzipepala ya ku San Francisco itatulutsa zithunzi za pa msasawo, boma linatumizako chakudya.

Komabe nkhope ija inatchuka yopanda dzina. Panapita zaka zoposa 40, mpaka 1978, kuti anthu adziwe kuti mayiyo anali Florence Owens Thompson, wa mtundu wa Cherokee, yemwe panthawiyo anali ndi zaka 32. A pabanja lake anafotokoza kuti iwo sanali okhala pa msasawo, anangoimapo chifukwa galimoto yawo inawonongeka, ndipo pamene chakudya chinkafika anali atachoka kale. Chithunzi chapafupi chinagwira mitima ya anthu miyandamiyanda, koma chinasiya kunja mbiri ya mwini nkhopeyo. Ife tikuona kuti Lange sanalakwe kuyandikira. Chinasowa ndi funso loti, "Mayi, dzina lanu ndani, ndipo mwafika bwanji pano?"

Wojambula wa ku Brazil, Sebastião Salgado, anachita zosiyana mu 1986 pa mgodi wa golide wa Serra Pelada. Pa zithunzi zake zakutali, amuna zikwizikwi akukwera makwerero atasenza matumba a dothi, ndipo akuoneka ngati nyerere. Kukula kwa ntchitoyo kukuonekeratu, koma simungadziwe yemwe akudwala kapena yemwe wasiya ana kwawo. N'chifukwa chake iye anatsikiranso m'dzenjemo n'kujambula miyendo yamatope ndi nkhope za anthu.

Posachedwapa ambiri a ife tidzaima kutsogolo kwa kalasi, ndipo m'sukulu zina za pulayimale kuno kwathu kalasi imodzi imakhala ndi ana oposa 100. Mphunzitsi wa maso a Adams adzadziwa msanga kuti kalasi yatopa kapena kuti mzere wakumbuyo wayamba phokoso. Wa maso a Weston adzaona mtsikana wa pakona yemwe akutsinzinira poyang'ana pabolodi, kapena mnyamata yemwe wagwira cholembera koma sakulemba kanthu. Aliyense wa ife amapendekera mbali imodzi mosadziwa, ndipo ana omwe ali mbali inayo ndi amene amavutika. Nkhani yolimbikitsa n'njakuti Weston yemweyo anajambulanso milu ikuluikulu ya mchenga ku Oceano mu 1936, ndipo Adams naye ali ndi zithunzi za masamba ndi maluwa zapafupi. Onse awiri anadziphunzitsa mbali yomwe sanayambire nayo.

Zoti tichite sabata ino ndi izi. Choyamba tsegulani zithunzi 20 zomaliza mufoni yanu, kupatula zodzijambula nokha, muwerenge kuti zakutali ndi zingati, zapafupi zingati. Zotsatira zake zikuuzani kumene mumapendekera. Kenako sankhani malo amodzi omwe mumadutsa tsiku lililonse, kaya ndi pa mjigo, kuseri kwa hositelo kapena pansi pa mtengo wa mango. Jambulani chithunzi chimodzi muli kutali, chokwana malo onsewo, ndipo muonetsetse kuti muli kanthu kamodzi komwe maso angayambirepo. Ndiye yendani ndi miyendo yanu, osakokera ndi zala pa sikirini chifukwa kutero kumangochepetsa kuoneka bwino kwa chithunzi, mpaka mufike pa chinthu chosaposa chikhatho chanu. Ngati pali munthu, mupempheni kaye ndipo mufunse dzina lake. Pomaliza onetsani mnzanu chithunzi chapafupi chokha, mumufunse kuti akuganiza kuti munajambula kuti, ndipo mulembe zomwe sanathe kuzidziwa.