Za Wailesi Yoitanira Thandizo Panjira

Abale, mwezi uno tiphunzire za wailesi ya ku America yotchedwa CB. Siifanana ndi yathu yongomvera, pakuti iyi munthu alankhula nayonso. Boma la kumeneko lidaipereka kwa anthu wamba pa 27 MHz m'chaka cha 1958. Njira zake zinali 23, ndipo mu 1977 zidafika 40. Njira ya 9 idapatulidwa ikhale ya ngozi yokha.

Tsono tiyerekeze kuti galimoto lagubuduzika kutali ndi mudzi. Woitanayo atsegule njira ya 9, akanikize batani, nanene poyamba malo amene ali, pambuyo pake chiwerengero cha ovulala ndi mabala awo. Atatero aleke batanilo. Apa tichenjere, pakuti munthu wamantha aumirira batani osaleka, koma wailesi yotere siimva pamene ilikulankhula. Kotero yankho limpitirira iye alikufuulabe.

Kale a gulu la REACT, loyambika mu 1962, ankadikira pa njirayi usana ndi usiku. Lero odikirawo achepa chifukwa cha mafoni a m'manja. Pakakhala zii, ayese njira ya 19, pamene oyendetsa malole achezerana, pakuti wina wa iwo angakhale ali pafupi.